MAPIRITSI A NZERU: MUKUGULA UBONGO KAPENA MUKUTAYA MPAMBA?

Geni siifuna munthu wokonda tulo. Tambala asanalire kachiwiri, amayi a tomato ndi kabichi amakhala atafika kale pa msika waukulu wa Lilongwe, kudikira magalimoto ochokera ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Jenda. Anyamata a kaunjika ku Tsoka amalawira kuli mdima kuti belo labwino lisawaphonye. Opikula katundu ku Dar es Salaam ndi ku Joni amagona chokhala pa mpando wa basi usiku uwiri kapena utatu, n'kufika pa depoti maso ali psuu, koma tsiku lomwelo ayenera kuwerenga katundu, kukangana mtengo ndi onyamula, ndi kuyala malonda pa benchi.

Munthu akatopa chotere mutu umaima. Chenje amabweza chopyola, ngongole ya kasitomala amaiwala kulemba, ndipo akathyali amadziwa bwino kuti wamalonda woodzera ndiye ndiwo zawo. Ndiye n'zosadabwitsa kuti timabotolo ta mapiritsi, toikidwa m'mafamase kapena toyenda nato m'zikwama m'misewu ya ku Area 2 monga Malangalanga ndi Bwalo la Njovu, timakopa maso. Pa botolo pamalembedwa kuti muli ma amino acid. Wogulitsa naye amathira mchere: ati ukamwa amenewa ubongo umathwa, kutopa kumatha, ndipo mwana wa Fomu 4 mayeso amangowadutsa ngati akumwa thobwa.

Musanamasule mfundo ya pa chitenje, tiyeni tione chimene akatswiri anapezadi. Safunsa anadya phula.

KODI AMINO ACID N'CHIYANI?

Dzinali lingoopsa pakamwa, koma chinthucho mumadya tsiku ndi tsiku. Zakudya zomanga thupi monga nyemba, nsomba, mazira, nyama, soya ndi mtedza zili ndi mapuloteni. Mapuloteniwo ali ngati khoma, ndipo njerwa zake ndiwo ma amino acid. Alipo mitundu 20. Mukadya, m'mimba mumagumula khomalo, njerwa n'kulowa m'magazi, thupi n'kumangira minofu, magazi, khungu ndi zina. Mwa mitundu 20 ija, 11 thupi limatha kuumba lokha, koma 9 ayenera kuchokera m'mbale basi.

Awiri ndiwo amatchuka pa nkhani ya ubongo. Woyamba ndi tyrosine, yemwe katswiri wa ku Germany, Justus von Liebig, anamupeza mu tchizi m'chaka cha 1846. Ubongo umatenga tyrosine n'kupangira dopamine ndi noradrenaline, timadzi tomwe timathandiza munthu kukhala tcheru, kuika mtima pa ntchito ndi kusunga manambala m'mutu kwa kanthawi, monga mumachitira powerengera makasitomala atatu nthawi imodzi. Wachiwiri ndi tryptophan. Ameneyu ubongo umapangira serotonin, wokhudza tulo ndi mtendere wa mumtima, ndipo thupi limapangiranso vitamini wotchedwa niacin.

Tsono ogulitsa amati: popeza ubongo umagwiritsa ntchito tyrosine, mukamwa wambiri nzeru zichuluka. Pongomva zikukoma. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

ANAYAMBA NDI ASILIKALI

Amene anayamba kufufuza nkhaniyi mwakhama ndi asilikali, chifukwa msilikali amayenera kuganiza bwino ali m'chisanu, ali ndi mantha, asanagone. M'chaka cha 1989, akatswiri awiri, Banderet ndi Lieberman, a ku likulu la kafukufuku la asilikali a America ku Natick, anaika anyamata m'chipinda chozizira, chochepetsedwa mpweya ngati ali pa phiri lalitali kuposa mamita 4,000. Kumbukirani kuti nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje ndi mamita 3,002 okha. Anawasunga m'menemo maola anayi ndi theka. Mwa anyamata amene chisanu ndi kuchepa kwa mpweya kunawasokoneza kwambiri, atamwa tyrosine mutu sunawapweteke kwambiri ndipo ntchito za m'mutu anazigwira bwinoko kusiyana ndi pamene anamwa mapiritsi opanda kanthu.

M'chaka cha 1995, akatswiri a asilikali a pamadzi ku Pensacola, ku America komweko, anayesa anthu amene anachezera ntchito usiku wonse, osagona kupitirira maola 24. Omwa tyrosine anachedwerako kufooka pa ntchito zina. Koma mvetsani apa: phindulo linakhala pafupifupi maola atatu okha, kenaka tulo n'kulanda ufumu wake.

Ku Netherlands, m'chaka cha 1999, anayesa ophunzira usilikali 21 pa sabata ya maphunziro owawa a nkhondo. Khumi anapatsidwa chakumwa cha mapuloteni chokhala ndi magalamu 2 a tyrosine, enawo chakumwa chongopatsa mphamvu. Khumi aja anachitako bwino pa mayeso a kukumbukira. Komabe anthu 21 ndi ochepa, sangadzaze ngakhale kosita imodzi, ndipo popeza chakumwacho chinali ndi mapuloteni ena, n'kovuta kulekanitsa ntchito ya tyrosine ndi ntchito ya chakudya wamba.

Akatswiri a pa yunivesite ya Leiden atasonkhanitsa kafukufuku wosiyanasiyana m'chaka cha 2015, anapeza kuti tyrosine amathandiza makamaka pamene munthu wapanikizika kwa nthawi yochepa moti timadzi ta mu ubongo tija taphwa. Kunena kwina, amabwezeretsako zimene zatayika. Sawonjezera nzeru zimene munthu analibe. Ndipo bungwe loona za chakudya m'maiko a ku Ulaya, la EFSA, m'chaka cha 2011 linanena kuti palibe umboni wokwanira woti tyrosine amawonjezera kukhala tcheru.

TAGANIZANI ZA CHIGAYO

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Ubongo uli ngati chigayo, tyrosine ndiye chimanga. Chigayo chili ndi liwiro lake. Ngati chimanga chili kale chodzaza m'chigayomo, ngakhale mubwere ndi matumba khumi ufa sutuluka msanga. Matumbawo angodikira pa mzere. Kubweretsa chimanga china kumathandiza pokhapokha chigayo chikuthamanga kwambiri ndipo m'katimo mwayamba kutha. Munthu amene wadya bwino ndi kugona bwino, chigayo chake n'chodzaza kale. Tyrosine wowonjezera thupi limangomuwotcha, zotsala n'kutuluka ndi mkodzo. Ndalama zanu zathera kuchimbudzi cholipira.

Pali chinanso. Khomo lolowera mu ubongo ndi lopapatiza, ngati khomo la minibasi nthawi yoweruka. Ma amino acid angapo amalimbirana khomo limodzimodzilo. Ufa uja anyamata onyamula zitsulo amakonda, wolembedwa BCAA, uli ndi ma amino acid atatu amene amapanikizana pakhomo pomwepo ndi tyrosine ndi tryptophan. Choncho botolo lolembedwa mayina ambirimbiri silitanthauza kuti onsewo akafika ku ubongo. Ena amatsalira pa siteji.

TIWERENGERE NGATI A GENI

Inu amalonda masamu mumawadziwa kuposa a m'maofesi ku Capital Hill. Pa kafukufuku wa asilikali a ku America uja, munthu ankapatsidwa mamiligalamu 100 mpaka 150 a tyrosine pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake. Mayi wolemera makilogalamu 60 ndiye kuti angafunike magalamu 6 mpaka 9. Makapisozi ambiri ogulitsidwa amakhala a mamiligalamu 500, kutanthauza theka la galamu. Ndiye kuti mayiyo ayenera kumeza makapisozi 12 mpaka 18 pa usiku umodzi kuti afanane ndi asilikali aja. Botolo la makapisozi 60 lingakwanire maulendo atatu mpaka asanu okha. Zonsezi kugula maola atatu! Ndipo kapisozi mmodzi patsiku, monga ogulitsa ambiri amalangizira, ali kutali ndi mlingo umene unayesedwa. Sitikunena kuti kamezeni 18 ayi. Mlingo waukulu chotere umatha kuyambitsa nseru, kutentha pamtima ndi mutu, ndipo asilikali aja ankamwa madokotala ali pambali.

Tsono tiyeni ku mbale. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati munthu wamkulu amafunika pafupifupi magalamu 0.83 a mapuloteni pa kilogalamu iliyonse ya thupi patsiku. Kwa mayi wathu uja ndi magalamu 50. Mtedza wokwana magalamu 100 uli ndi mapuloteni pafupifupi magalamu 25, ndipo m'menemo muli tyrosine pafupifupi galamu imodzi, kufanana ndi makapisozi awiri. Soya ali ndi wochuluka kuposa pamenepo. Dzira limodzi lili ndi mapuloteni pafupifupi magalamu 6. Usipa wouma, pafupifupi theka la kulemera kwake kapena kuposerapo ndi mapuloteni okhaokha, ndipo ma amino acid 9 ofunika aja onse alimo. Zonsezi zili pa benchi ya mnzanu, mwinanso pa benchi yanu yomwe.

NANGA ZAKUMWA ZOPATSA MPHAMVU?

Madalaivala, makondakitala ndi a kabaza ambiri amadalira zakumwa za m'zitini ndi m'mabotolo zija amati zimachotsa tulo. Zambiri zimalembedwa kuti muli taurine, mbale wake wa ma amino acid. Koma chimene chimakutsegulani maso m'menemo kwenikweni ndi caffeine ndi shuga. Kachitini ka mamililita 250 ka Red Bull kali ndi caffeine pafupifupi mamiligalamu 80, ngati kapu imodzi ya khofi. Shuga akatha m'magazi, kutopa kumabwerera ndi abale ake.

Tiyi wathu wa ku Thyolo ndi ku Mulanje nayenso ali ndi amino acid wake, wotchedwa theanine, yemwe anapezeka koyamba ku Japan m'chaka cha 1949. Kafukufuku wina waung'ono anasonyeza kuti theanine akaphatikizana ndi caffeine munthu amaikako mtima pa ntchito kwa kanthawi. Mlingo wa m'kapu imodzi ndi wochepa kusiyana ndi wa m'kafukufukuyo, koma tiyi wa m'tiyirumu simumuopa, mumamudziwa, ndipo sakugwetsani mpamba.

Tulo tokha tilibe m'malo mwake. M'chaka cha 1997 akatswiri a ku Australia, Dawson ndi Reid, anapeza kuti munthu amene wakhala maso maola 17 amalakwitsa ntchito ngati amene ali ndi mowa wa 0.05 peresenti m'magazi, ndipo pa maola 24 amafanana ndi wa 0.10 peresenti, mlingo woposa umene malamulo a pamsewu m'maiko ambiri amalola. Ndiye mukatsika basi ya ku Joni musanagone, dziwani kuti mukuwerenga ndalama ngati munthu wochokera ku bala. Palibe kapisozi amene angafufute ngongole ya tulo.

PHUNZIRO LA 1990 KUNO KWATHU

Pali nkhani ya amino acid ndi ubongo imene inachitika kuno ku Malawi, ndipo ndi yomwe iyenera kutidetsa nkhawa kuposa mapiritsi.

Pa nthawi ya nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, anzathu a ku Mozambique pafupifupi miliyoni imodzi anathawira kuno. Chakudya chawo chachikulu chinali ufa wa chimanga, nyemba pang'ono, mafuta ndi mtedza. M'chaka cha 1990 mtedza unasiya kufika kwa miyezi ingapo. Posakhalitsa anthu oposa 18,000 anadwala pellagra, matenda amene ena kuno amawatcha chiwawu. Khungu la m'khosi, m'mikono ndi m'mapazi, malo owombedwa ndi dzuwa, limada n'kumasupuka ngati lapsa. Munthu amatsekula m'mimba. Matenda akakula mutu umasokonekera: kuiwalaiwala, kukwiya msanga, kusowa tulo, mpaka kuoneka ngati misala. Akapanda kuthandizidwa amamwalira.

Gwero lake ndi chimanga. Chimanga chili ndi tryptophan wochepa kwambiri, ndipo niacin amene alimo ndi womangika moti thupi limalephera kumutenga. Pamafunika mamiligalamu pafupifupi 60 a tryptophan kuti thupi lipange miligalamu imodzi ya niacin. Mtedza uli ndi zonse ziwiri, n'chifukwa chake utasowa matenda anabuka. Ku Mexico, kwawo kwa chimanga, amachiphika ndi laimu kapena phulusa asanachipere, zomwe zimamasula niacin. Chimanga chinafika kuno, koma luso limenelo linatsalira komweko. Ife timachita kuonjeza: timakonola, kuviika m'madzi, gaga n'kupatsa nkhuku ndi nkhumba, ife n'kutsala ndi ufa woyera mbee womwe mavitamini ake ambiri achoka.

Musati zinali za m'misasa ya othawa nkhondo zokha. M'zaka za njala za 2015 ndi 2016, anthu mazanamazana anapezeka ndi matenda omwewa kwa Kasese m'boma la Dowa, pafupi pomwepa. Ndipo kafukufuku wofalitsidwa m'chaka cha 2016, woyeza magazi a ana 313 a m'midzi ya m'Malawi, anapeza kuti ana opinimbira anali ndi ma amino acid onse 9 ofunika aja ochepa kusiyana ndi anzawo okula bwino.

Apa ndiye pali nkhani, abale. Wamalonda amene m'mawa wamwa tiyi wopanda mkaka ndi sikono, masana tchipisi cha pa chiwaya, madzulo nsima ndi masamba owiritsa, mimba yakhuta koma njerwa zomangira thupi ndi ubongo zaperewera. Ameneyu akusowadi ma amino acid. Koma mankhwala ake si botolo lochokera kunja. Ndi nyemba, nsinjiro, bonya ndi dzira.

ZA M'BOTOLO ZIMAPWETEKANSO

Ena amati, popeza ndi zachilengedwe, ngakhale zisathandize sizingapweteke. Bodza limenelo. M'chaka cha 1989 ku America anthu oposa 1,500 anadwala matenda oopsa a minofu ndi magazi atamwa mapiritsi a tryptophan, ndipo osachepera 37 anamwalira. Ofufuza analondola mapazi mpaka ku kampani ya ku Japan ya Showa Denko, komwe mankhwalawo anapezeka ndi zoipa zina. Ngati zinachitika ku America komwe kuli makina oyezera, nanga botolo la m'chikwama lomwe lakhala padzuwa la Okutobala tsiku lonse?

Kuno kwathu, m'chaka cha 2019, chakumwa china chopatsa mphamvu chochokera ku Zambia chinaletsedwa atachiyeza n'kupeza kuti munali sildenafil, mankhwala a mphamvu za abambo omwe munthu sayenera kumwa popanda dokotala, makamaka ngati ali ndi vuto la mtima. Pa botolo sanalembepo. Zimene zalembedwa kunja si nthawi zonse zimene zili m'kati.

Amene muli pa mankhwala ena chenjerani koposa. Tryptophan akakumana ndi mankhwala ena a matenda a nkhawa monga fluoxetine angathe kuyambitsa kunjenjemera, kutentha thupi ndi kusokonezeka mutu. Tyrosine sagwirizana ndi mankhwala a chithokomiro ndi a matenda a Parkinson. Mabotolo ambiri a "nzeru" amasakanizamo calcium, iron kapena magnesium, ndipo zimenezi zimatha kulepheretsa thupi kuyamwa bwino dolutegravir, yemwe ali m'ma ARV amene ambiri akhala akulandira kuno kuyambira 2019. Mankhwala a TB a isoniazid nawo amatha kukolezera pellagra kwa munthu amene sakudya mokwanira. Mukaona khungu likusintha musasiye mankhwala panokha, thamangirani kuchipatala. Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, komanso a matenda a impso ndi chiwindi, musamwe chilichonse cha mtunduwu musanafunse dokotala.

NANGA WAMALONDA ATANI?

Choyamba, musatsegule geni m'mimba muli mbee. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro, kapena la soya, kapena dzira lowiritsa pambali pa tiyi, limakufikitsani masana mutu uli m'malo. Nsima ikhale ndi mnzake: nyemba, khobwe, nandolo ndi soya zili ndi lysine yemwe chimanga chimaperewera, pamene nsomba ndi mtedza zimabweretsa tryptophan ndi niacin. Masamba otendera aposa owiritsa. Pa ulendo wautali, kathumba ka mtedza wokazinga ndi botolo la madzi zikuthandizani kuposa mabisiketi ndi zoziziritsa kukhosi. Ludzu lokha limabweretsa mutu ndi ulesi.

Chachiwiri, gonani. Ngakhale mphindi 20 kapena 30 masana, mnzanu wa benchi yoyandikana akukuyang'anirani katundu, mawa inu n'kumubwezera, zimatsitsimutsa mutu. Mukafika kuchokera ku Songwe kapena ku Dedza mutachezera m'basi, zowerengera zikuluzikulu monga kugawana phindu, kupereka ngongole kapena kusintha ndalama zakunja zidikire mutagona. Ngati sizingadikire, lembani m'kope ndipo muwerenge muli awiri. Mutu umodzi susenza denga.

Chachitatu, ngati kutopa ndi kuiwala sikukutha ngakhale mukudya ndi kugona, pitani mukayezetse. Kuchepa kwa magazi, malungo, shuga, BP ndi nkhawa ya ngongole zonse zimafooketsa mutu, ndipo chilichonse chili ndi chithandizo chake. Chipatala cha Bwaila chili pafupi pomwepa, mtunda woyenda pansi kuchokera kumsika.

Ngati mwatsimikiza mtima kugulabe, gulani m'famase yovomerezeka, osati m'basi kapena pa WhatsApp. Onani tsiku lothera mphamvu, onani ngati chivindikiro chili chomata, werengani mamiligalamu, ndipo muuzeni wa m'famaseyo mankhwala ena onse amene mukumwa. Mukakayika, bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, lomwe linalowa m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board potsatira lamulo la 2019, ndilo limayang'anira mankhwala m'dziko muno. Wogulitsa amene akuti botolo limodzi limachiza kuiwala, BP, shuga ndi kusabereka pamodzi, muthaweni. Ameneyo akufuna mpamba wanu.

Ndipo inu makolo a ana olemba mayeso, ndalama ya botolo lija mukaigulira mazira, usipa ndi mtedza, banja lonse lidya, mwanayo n'kumuuza azigona nthawi yabwino m'malo mochezera ndi buku mpaka tambala. Asilikali a ku America, ndi ndalama zawo zonse, anangopeza maola atatu. Inu muli ndi msika wonse wodzaza nyemba ndi nsomba pakhomo panu. Phukusi la moyo umasunga wekha.